Chingwe cha Mmisiri

Munthu akatsikira kudooko kwathu kuno kwa Maganga m'mawa, asodzi a usipa atangokocheza, sachedwa kumva kugogoda kwa nyundo pansi pa mtengo wina, kuseri kwa matandala oyanikapo nsomba. Pamenepo ndi pamene pamagwirira ntchito mmisiri wokhoma maboti a matabwa. Mkuluyu tidadziwana kalekale, ndipo chipumire ntchito yauphunzitsi ndakhala ndikupita kukacheza naye masiku ambiri. Pa zida zake zonse, chimene chimandichititsa chidwi ndi kachingwe kakang'ono kamene amakapaka makala onyowa. Asanacheke thabwa, amaitana mnyamata wake kuti agwire nsonga imodzi, iye n'kugwira inayo. Akachikunga bwino chingwecho, amachinyamula pakati ndi zala ziwiri n'kuchisiya kuti chimenye thabwalo, ndipo pamatsala mzere wakuda. Atatero amatsinzina diso limodzi, n'kunena kuti, "Walungama." Sowo ikaphonya mzere umenewu matabwa sakumana bwino, ndipo boti lotere limamwa madzi tsiku limene mwera wakalipa, anthu ali kutali kuseri kwa chilumba cha Namalenje.

Mawu a mmisiriwa ndidawakumbukira tsiku lina mdzukulu wanga wa Folomu 4 atandiponyera funso. Iye ankamasulira ndime ya Chingerezi, ndipo adakakamira pa liwu loti "injustice". "Agogo, kodi limeneli m'Chichewa timati chiyani?" Ine osaganiza n'komwe ndidayankha monga ndidayankhira ana ambirimbiri m'kalasi kwa zaka zoposa makumi atatu: "Kupanda chilungamo." Mwanayo adalemba, nabwerera kumabuku ake. Koma ine yankholo lidandikhala pakhosi ngati munga wa utaka. Akuluakulu adati umanena chatsitsa dzaye kuti njovu ithyoke mnyanga. Tsono ndidafukula mabuku anga otanthauzira mawu kuti ndione kumene liwuli lidachokera. Zimene ndidapeza ndizo ndifuna kukamba m'chimangirizo chino, ndipo amene adzudzulidwe kwambiri muno ndine mwini, pamodzi ndi yankho langalo.

Choyamba ndidapeza kuti liwu loti "injustice" ndi mlendo m'Chingerezi. Lidapeza eni mudzi alipo kale. Zaka chikwi zapitazo, Mngerezi akalandidwa munda kapena akaweruzidwa mokondera, ankati wachitidwa "unriht", liwu limene pambuyo pake lidayamba kulembedwa kuti "unright". Lero silimvekanso pakamwa pa Angerezi. Lidatsalira m'mabuku akale ndi m'madikishonale akuluakulu. Koma mbale wake wa bere limodzi akali moyo ku Germany, kumene mpaka lero amati "Unrecht", ndipo ku Netherlands nako amati "onrecht". Izi sizodabwitsa, pakuti Chingerezi, Chijeremani ndi Chidatchi ndi zilankhulo za banja limodzi, monga zilili Chichewa, Chitumbuka ndi Chiyao. Makolo a Angerezi adachokera kumpoto kwa Germany ndi ku Denmark, nawolokera ku Britain m'zaka za m'ma 400 ndi 500, mawu awo ali m'kamwa.

Liwuli lili ndi zigawo ziwiri. Chigawo choyamba, "un-", ndi mphatikiri wokanira. Chachiwiri, "riht" kapena "recht", tanthauzo lake loyambirira ndi chinthu chowongoka. Akatswiri a zilankhulo adalilondola mpaka ku muzu wakale kwambiri umene amaulemba kuti "reg-", wotanthauza kuwongola kapena kulondolera pamzere. Muzu womwewu udaphukanso m'Chilatini. M'menemo "rectus" ndi chowongoka, "rex" ndi mfumu, kutanthauza wolondolera anthu, pamene "regula" ndi kandodo kowongoka kojambulira mzere, ndipo kumeneko ndi kumene kudachokera rula imene muli nayo m'chikwamayo. M'Chijeremani ana a muzuwu ndi ambiri ndipo sabisala. Khoma loima chilili amati lili "senkrecht". Mneni woti "richten" amatanthauza kuwongola, komanso kuweruza. Woweruza milandu ndi "Richter", ndipo bwalo la milandu ndi "Gericht". Motero m'chilankhulo chimenechi woweruza milandu ndi mwongoli, ndipo bwalo ndi malo owongolerapo zokhota.

Nditafika pamenepa ndidaseka ndekha, chifukwa ndidazindikira kuti ndayenda ulendo wautali kukafuna chinthu chimene chili pakhomo. Kodi dzina loti chilungamo lidachokera kuti? Lidachokera ku mneni woti kulungama, yemwe uja mmisiri amanena akayang'ana mzere wa makala. Mlenje amalunjika muvi. Womanga nyumba amalungamitsa nsichi. Nafenso mphatikiri wokanira tili naye, ndiye "-sa-". Tikamulowetsa m'kati timapeza chi-sa-lungam-o. Liwu limeneli likufanana ndi "Unrecht" chiwalo ndi chiwalo: kukana, kenaka kuwongoka. Amene adakula akumva Buku Lopatulika, lomwe lidatuluka lathunthu m'chaka cha 1922, amalidziwa bwino liwu loti chosalungama. Abale athu Azulu nawo ali ndi muzu womwewu. Agogo athu amene adapita ku migodi ya ku Johannesburg adabwerako akunena kuti "kulungile" pofuna kuti zili bwino, ndipo m'Chizulu maufulu a munthu ndi "amalungelo".

Tikatembenukira ku mbali ya choipa, chithunzi n'chomwecho. Liwu la Chingerezi loti "wrong" lidabwera ndi anthu a ku Scandinavia amene adakhazikika ku England, ndipo kwa iwo linkatanthauza chokhota kapena chopotoka. Maloya ali ndi liwu lawo loti "tort", lonena za kulakwira munthu mnzako, ndipo nalonso lidachokera ku liwu la Chilatini lotanthauza chopotoka. Nanga ife timati chiyani? Timati wapotoza mlandu, wakhotetsa nkhani, chigamulo chapendekera mbali imodzi. Apa ndichenjeze kuti Chichewa ndi Chijeremani si pachibale, ndipo palibe chidabwereka chithunzichi kwa chinzake. Kungoti anthu kulikonse adamangapo nyumba, adaponyapo muvi, adalambulapo njira, ndipo adaona ndi maso kuti chokhota chimagwetsa denga, chimaphonya nyama, chimasocheretsa mlendo. Atafuna dzina la khalidwe loyenera pakati pa munthu ndi mnzake, adalitenga m'manja mwa amisiri.

Wina angafunse kuti mwana wa ku Salima ali nacho chiyani Chijeremani. Ali nacho ndithu. Dikishonale yoyamba yaikulu ya chilankhulo chathu idalembedwa ndi Mjeremani, m'busa Johannes Rebmann, amene ankakhala pafupi ndi Mombasa ku Kenya. Iye sadapondeko kuno. Mawu onse adawatola m'zaka za 1853 ndi 1854 kuchokera pakamwa pa munthu wotchedwa Salimini, mbadwa ya kumtunda kuno kuzambwe kwa nyanja, amene adagwidwa ukapolo nakathera ku gombe lakutalilo. Bukulo lidasindikizidwa m'chaka cha 1877, Rebmann atamwalira kale. Pa tsamba la mutu wake pali dzina la Rebmann ndi la mnzake Ludwig Krapf; la Salimini palibe. Tsono Chichewa ndi Mjeremani zidakumana koyamba chifukwa cha chisalungamo chachikulu chimene gombe lathu lino lidachiona, nthawi imene anthu ankawolotsedwa nyanja ngati katundu, makamaka kuchokera ku Nkhotakota kwa Jumbe.

Nanga zidatani kuti Angerezi ataye liwu lawo? M'chaka cha 1066 William wa ku Normandy adagonjetsa England pa nkhondo ya ku Hastings. Kuyambira pamenepo, kwa zaka pafupifupi mazana atatu, olamulira ndi oweruza ankalankhula Chifalansa, pamene alimi ndi asodzi ankalankhula Chingerezi. Mawu ambiri a kubwalo amene timawayesa Achingerezi, monga "justice", "judge", "jury" ndi "court", adalowa kuchokera ku Chifalansa. Zinthu zidafika poti m'chaka cha 1362 kudakhazikitsidwa lamulo loti milandu izikambidwa m'Chingerezi, chifukwa anthu wamba sankamva zimene zinkanenedwa powateteza kapena powatsutsa. Koma apo n'kuti mawu achilendo atazika kale mizu. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1300 liwu loti "injustice" lidayamba kuoneka m'zolemba, ndipo pang'onopang'ono "unright" adasamuka pamudzi. Mlendoyu muzu wake ndi "ius", liwu la Chilatini lotanthauza lamulo kapena choyenera munthu mwalamulo. Kusiyana kwake ndikuona kwanga ndi uku: liwu lakale linkaloza ku mzere umene mlimi aliyense angauone ndi diso lake, pamene latsopanoli linkaloza ku chilankhulo cha olamulira ndi mabuku amene owerenga ake anali ochepa.

Nkhani imeneyi isatipite patali, chifukwa ndi yathu yomwe. Chiyambire ulamuliro wa atsamunda m'chaka cha 1891, chilankhulo cha makhoti akuluakulu m'dziko muno ndi Chingerezi. Msodzi wa kuno akaimbidwa mlandu amaima m'bokosi, maso ali pa womasulira, moyo wake ukukambidwa m'mawu amene sawamva. Gawo 42 la malamulo oyendetsera dziko lino limamupatsa ufulu woti mlandu wake uzengedwe m'chilankhulo chimene amamva, kapena apatsidwe womasulira molipiridwa ndi boma. Limeneli ndi lamulo labwino. Komabe mawu oti jaji, loya, belo ndi apilo adakhazikika kale pakamwa pathu. Kubwereka mawu si tchimo. Chilankhulo chosabwereka ndi chakufa. Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti mawu athu enieni akufota. Funsani anzanu m'kalasi tanthauzo la kulungama. Ambiri anena za kutchalitchi kapena za kukhoti; ndi ochepa amene angakumbuke nsichi kapena mzere wa m'munda. Chithunzi chija chikufufutika, ndipo liwu lotaya chithunzi chake limasanduka chigoba chimene aliyense amathiramo zimene afuna.

Tsopano ndifike pa yankho langa lija. Kodi cholakwika n'chiyani ndi mawu oti kupanda chilungamo, poti aliyense amawanena, pawailesi ndi m'nyuzipepala momwe? Galamala yake ilibe banga. Vuto lili pa mneni woti kupanda. Timati ndiwo zopanda mchere, chaka chopanda mvula, mudzi wopanda chitsime. M'zonsezi tikunena za chinthu chosowa, ndipo kawirikawiri sitiloza munthu chala. Tikati pamalo pano palibe chilungamo, zimamveka ngati chilungamocho chidangochedwa panjira, ngati basi ya ku Lilongwe. Mjeremani liwu lake saligwiritsa ntchito motero. Iye amati "Unrecht tun", kutanthauza kuchita chisalungamo, ndiponso "Unrecht leiden", kutanthauza kuzunzika nacho. Kwa iye ndi chinthu chochitidwa, chokhala ndi wochichita ndi wochitidwa. Thabwa likachekedwa mokhota sitinena kuti kuwongoka kudasowa. Timafunsa amene adagwira sowo.

Phunziro limeneli sindidalipeze m'buku lokha. Adandiphunzitsa ndi mayi wina wa m'mudzi mwathu muno amene sadapiteko kusukulu. Mwamuna wake atamwalira adasiya boti, injini ndi chilimira, zomwe zinkadyetsa ana asanu. Maliro atangotha, abale a mwamunayo adabwera natenga zonsezo, amvekere, "Tikusungira anawa." Miyezi idapita, ana adayamba kugona ndi njala, wamkulu adaleka sukulu. Mayiyo adabwera kwathu kuti ndimulembere kalata yodandaula. Ine, pofuna kuonetsa ulemu ndi uphunzitsi wanga, ndidalemba kuti pa kagawidwe ka chuma cha malemu padalibe chilungamo. Nditamuwerengera adapukusa mutu.

"Aphunzitsi, pepani, pamenepo mufufute. Musalembe kuti padalibe. Lembani kuti andilanda. Mulembenso mayina awo, ndi tsiku limene adabwera."

"Mayi, kodi mawuwo sakhala olasa kwambiri?"

"Olasa ndi njala imene ili m'nyumba mwangamo, Aphunzitsi."

Ndidafufuta. Tsiku limenelo ndidaphunzira kuti chiganizo changa chidali ndi ulemu koma chidalibe mwininkhani, pamene chake chidali ndi mchitantchito, mneni ndi pamtherankhani. Makolo athu sadasowe aneni otere: kulanda, kupondereza, kukondera, kubera, kunamizira, kudyera masuku pamutu. Aliyense wa aneni amenewa amakakamiza wolankhula kuti atchule wochita. Dzina loti kupanda chilungamo limalola wochitayo kubisala, ndipo n'chifukwa chake amalikonda anthu olankhula pamisonkhano, pakuti munthu angalinene tsiku lonse popanda wokhumudwa.

Onaninso mawu amene abale aja adasankha: kusungira. Wochita chisalungamo sayamba ndi kukhotetsa thabwa. Amayamba ndi kukhotetsa liwu. Mbiri ya dziko lathu ili ndi chitsanzo chimene mwana wa sukulu aliyense ayenera kuchidziwa, ndicho thangata. Kuthangata ndi kuthandiza. Kale thangata idali ntchito imene anthu ankagwira pothandiza mfumu yawo kapena mnansi wawo. Azungu atatenga malo aakulu ku mapiri a Shire, anthu okhala pamalopo adakakamizidwa kugwira ntchito m'minda ya eni malo atsopanowo m'malo mwa lendi, kawirikawiri nthawi ya dzinja pamene minda yawo inkawafuna. Ntchito yokakamiza imeneyi idapatsidwa dzina lokoma lija. Nkhanza za thangata pa minda ya A. L. Bruce ku Magomero zidali chimodzi mwa zifukwa zimene John Chilembwe adaukira pa 23 Januwale 1915, ndipo mchitidwewu udathetsedwa mwalamulo m'chaka cha 1962. Koma liwulo silidachire. Mpaka lero munthu akati akugwira ya thangata, palibe amaganiza za chithandizo.

Chitsanzo cha thangata chikutifikitsa pa funso lovuta koposa. Thangata idali yololedwa ndi malamulo a nthawiyo. Nanga chinthu chololedwa ndi lamulo chingakhale chisalungamo? Funsoli lidawasautsa kwambiri Ajeremani, pakuti m'chilankhulo chawo liwu loti "Recht" limatanthauza zonse ziwiri, choyenera ndiponso malamulo. M'chaka cha 1935 boma la Adolf Hitler lidakhazikitsa malamulo a ku Nuremberg, amene adalanda Ayuda unzika ndi kuwaletsa kukwatirana ndi Ajeremani ena. Malamulowo adalembedwa bwinobwino, adasindikizidwa, ndipo oweruza ophunzira adawatsata. Mapeto a njira imeneyo kudali kuphedwa kwa Ayuda pafupifupi 6 miliyoni. Nkhondo itatha, m'chaka cha 1946, katswiri wa malamulo Gustav Radbruch, amene adakhalapo nduna ya zachilungamo ndipo adachotsedwa ntchito yauphunzitsi pa yunivesite ya Heidelberg m'chaka cha 1933, adalemba nkhani imene idatchukitsa mawu oti "gesetzliches Unrecht", ndiko kuti chisalungamo cha mwalamulo. Mfundo yake idali yakuti lamulo liyenera kumveredwa ngakhale lili ndi zofooka, popeza dziko lopanda malamulo odalirika ndi chipwirikiti. Koma likakhota mopitirira muyeso, makamaka likakana dala kuti anthu ndi ofanana, lataya ulemu wake ndipo woweruza asalitsate. Makhoti a ku Germany adagwiritsa ntchito mfundoyi, ngakhale pa milandu ya asilikali amene ankawombera anthu othawa ku East Germany, dzikolo litagwirizananso m'chaka cha 1990.

Ife a msinkhu wanga sitifunika kupita ku Germany kuti timvetse zimenezi. M'chaka cha 1966 kuno kudakhazikitsidwa lamulo lolola boma kulanda katundu wa munthu popanda kumuzenga mlandu. M'chaka cha 1969 makhoti a miyambo adapatsidwa mphamvu zozenga milandu ikuluikulu monga ya kupha, ndipo woimbidwa mlandu kumeneko sankaloledwa kukhala ndi loya. Orton Chirwa, amene adali mtsogoleri woyamba wa chipani cha Malawi Congress ndiponso nduna ya zachilungamo pamene dziko linkalandira ufulu, adazengedwa mlandu woukira boma pamodzi ndi mkazi wake Vera m'khoti lotere. M'chaka cha 1983 adagamulidwa kuti aphedwe, chilangocho chidasinthidwa kukhala ndende moyo wonse, ndipo iye adamwalira m'ndende ya Zomba mu Okutobala 1992. Zonsezi zidali ndi mapepala ake ndi zidindo zake. Ife aphunzitsi masiku amenewo tinkalemba liwu loti chilungamo pabolodi, maso ali pazenera. Sindikunena izi modzitama. Khoswe adali pamkhate, ndipo ambirife tidasankha kukhala chete. Koma mumtima tinkadziwa kuti mzerewo wakhota, ndipo chimene chinkatidziwitsa si buku la malamulo, poti bukulo ndilo lidali lokhotalo. Chidali chingwe china, chakale kuposa bukulo, chimene liwu loti kulungama limatikumbutsa.

Pali zotsutsa ziwiri zimene wowerenga wochenjera angandiponyere, ndipo sindizithawa. Choyamba n'chakuti chiyambi cha liwu si ndicho tanthauzo lake la lero. Zimenezo n'zoona. Mngerezi wonena kuti "wrong" saona chingwe chopotoka m'maganizo mwake, ndipo Mjeremani wa nthawi ya Hitler adali nalo liwu loti "Unrecht" koma silidamuletse kuchita zoopsa. Mawu paokha sapulumutsa munthu. Chimene ndikunena n'chochepa chabe: liwu limene chithunzi chake chikali moyo limapatsa munthu wamba poyambira kufunsa. Mayi uja sadadziwe gawo lililonse la malamulo, koma adadziwa kusiyanitsa kusunga ndi kulanda.

Chachiwiri n'chakuti aliyense amati mzere wake ndiwo wolungama. Nanga tidzadziwa bwanji woona? Apa tibwerere kudooko. Mmisiri sajambula mzere yekha. Chingwe chili ndi nsonga ziwiri, ndipo chimafuna anthu awiri, wina uku wina uko, aliyense atagwira zolimba. Mmodzi akachilekerera, mzere umakhota. Ndi momwemonso pabwalo la kwathu: nkhoswe za mbali zonse zimakhalapo, wodandaula amalankhula, woyankha amalankhula, ndipo zonse zimachitika poyera. Chingwecho sichisintha kutalika poona nkhope, monganso chigoba choyezera usipa chiyenera kukhala chimodzimodzi kwa wogula wa galimoto ndi kwa mayi wa dengu. N'zoona kuti bwalo la makolo limakonda kuyanjanitsa kusiyana ndi kulanga, ndipo nthawi zina limafewetsa chigamulo. Mmisiri nayenso amapinda matabwa ena kuti boti likhale ndi mimba. Koma amawapinda dala, ndi muyeso, onse akuona, kuti botilo liyandame. Kukhotetsa kumachitika mseri, ndipo kumapindulira mmodzi.

Ubwino wa kuona chisalungamo ngati chinthu chokhotetsedwa ndi wakuti chokhotetsedwa ndi manja chingawongoledwenso ndi manja. Chopanda chimangodikiridwa ngati mvula, koma chokhota chimaitana mwongoli. Dziko lathu laonapo kuwongola kotere. Pa 8 Malichi 1992 kalata ya maepiskopi a Katolika idawerengedwa m'matchalitchi, kutchula poyera zimene ambiri tinkanong'ona. Pa 14 Juni 1993 Amalawi adavota pa riferendamu nasankha zipani zambiri. Pa 3 Febuluwale 2020 oweruza asanu adafafaniza chisankho cha pulezidenti cha m'chaka cha 2019, atapeza kuti mapepala ambiri a zotsatira adasinthidwa, ena ndi utoto wofufutira zolemba. Ndipo lamulo la chuma cha masiye la m'chaka cha 2011 limanena kuti kulanda katundu wa amasiye ndi mlandu. Akuluakulu adati mlandu suwola. Mayi uja naye adapita ndi kalata yake, nkhaniyo idakambidwa pabwalo, ndipo boti ndi chilimira zidabwerera. Injini idali itagulitsidwa kale, ndipo mwana wamkulu uja sadabwererenso kusukulu. Kuwongola kochedwa kumasiya chipsera. N'chifukwa chake amati m'mera mpoyamba.

Tsono inu ophunzira, amene mawa mudzakhala oweruza, aphunzitsi, atolankhani, mafumu ndi makolo, ndikupemphani zinthu ziwiri. Choyamba, musalole kuti liwu loti kulungama litsekeredwe m'tchalitchi ndi m'khoti mokha, monga "unright" adatsekeredwa m'dikishonale. Linenedwe kumunda, pomanga nyumba, pogawana ndalama za usipa, kuti ana anu adzadziwe kuti chilungamo ndi chinthu chooneka ndi maso. Chachiwiri, polemba ndi polankhula za choipa chochitikira munthu, musakhutire ndi kunena kuti padalibe chilungamo. Funani mneni, funani mchitantchito. Ndani adachita? Adachitira yani? Adatcha dzina lanji chimene adachitacho? Ndipo funsoli muzidzifunsanso nokha, pakuti sowo nthawi zina imakhala m'manja mwathu. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Madzulo a tsiku lija ndidamuitana mdzukulu wanga, ndipo ndidamuuza kuti abwere ndi kope lake. Ndidati afufute zimene ndidamuuza m'mawa, alembe kuti chisalungamo. Adandiyang'ana modabwa, nafunsa ngati yankho loyamba lija lidali lolakwa. Ndidati wolemba mayeso sadzamuchotsera malikisi pa lililonse mwa awiriwa. Kenaka ndidamuuza kuti Loweruka adzuke m'mamawa, tidzapite limodzi kudooko, akagwire nsonga ya chingwe cha mmisiri.